Mabowo Awiri pa Tsamba la Bulu

Lolemba, 3 Febuluwale

Ndangolowa m'mawa, jekete ndisanavule n'komwe, abwana athu Don Gaspar andiitana. Ndimati basi, andiuza kuti ndizipita. Koma ayi. A Batiste akukawachita opaleshoni ya diso, akhala kunyumba kaya mpaka liti, ndiye tebulo lawo la mabowo lilibe munthu. Akuti ndisiye kulongedza makatoni ndikhale pamenepo.

Ndati chabwino. Ndikanatinso chiyani? Miyezi yanga itatu yoyeserera ikutha pa 28. Akandisunga, ndikhala muno mu Valencia, mwana wanga Aina ndizimusambitsa ndekha ndikaweruka. Akapanda kundisunga, ndiye ndi zija za alamu anga a Quico, kukayala matailosi ku Germany mpaka Khirisimasi. Mwana wa miyezi isanu. Pobwera ndidzamupeza akuyenda, akundithawa ngati mlendo.

Ntchito yake ndilembe, mutu wanga sugwira zonena kamodzi. Buku lenileni lili ku laibulale ina kumpoto, lotsekeredwa. La mapemphero, linali la mayi wina wolemera zaka mazana asanu zapitazo, lolemba pamanja pa zikopa, zithunzi zake za golide. Ife tikupanga makope ake pa pepala lokhuthala ngati chikopa. Pamene lenileni lili ndi banga, lathunso banga. Pamene njenjete inadya, ifenso tiboole. A Batiste anapita ku laibulaleko ndi masamba osindikiza, n'kuboola lililonse akuyang'ana buku lenileni. Amenewo ndiye zitsanzo. Ine ndiziika chitsanzo pamwamba pa tsamba latsopano, kuika chizindikiro, kuboola ndi tizitsulo, kenako kupaka utoto wa bulauni m'mphepete mwa bowo kuti lioneke lakale.

D.G. anena kawiri, chala chili pa mphuno yanga: "Chimene chili pa chitsanzo chikhale pa tsamba. Osafunsa, osakonza."

Kunyumba mkazi wanga Neus waseka mpaka kutsamwa. "Ndiye akulipira kuti uziwononga mabuku?"

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Tsiku lonse kuyeserera pa zidutswa. Mabowo anga akutuluka aukhondo kwambiri, akuti njenjete siyenda mowongoka. Tonet wopaka golide wandipatsa kale dzina. "Bwana Njenjete, mwadya masamba angati lero?" Ndangoseka. Chala chachikulu chatupa.

Aina akutsokomola pang'ono. Neus akuti si kanthu.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Andipatsa mulu weniweni. Tsamba la bulu. Maria ndi mwana ali pa bulu, Yosefe m'mbuyo ndi kathumba pa ndodo, akuthawa. Ndaliyang'ana tsiku lonse mpaka ndalidziwa ngati khoma la kubafa kwathu. Kathumbako n'kakang'ono, ulendo wotero ndi khanda sungatenge zochepa chonchi. Madzi sindikuwaona paliponse. Mapazi a mwanayo ali pamtunda. Koma buluu wa chovala cha Maria, ee, ameneyo ndiye wokongola, sindinama.

Masamba amenewa golide anapaka kale, ndiye kugwira kwake ndi m'mphepete, manja osamba.

Mabowo pa chitsanzo: kagulu pansi, kufupi ndi msana wa buku, okhotakhota. Ndiye awiri pamwamba, lina ngodya iyi lina ngodya iyo, ozungulira bwinobwino. Awiriwa anandidabwitsa. Pa chakudya cha m'mawa, tikudya buledi wa soseji ndi mtedza pa bala ya pakona, ndinamufunsa Tonet.

"Aise, njenjete imeneyi inapita kusukulu? Yaboola mofanana mbali zonse."

"Wayamba kufunsa?" Anatero akulavula njere ya olivi. "Kunali mnyamata wina muno, waukhondo ngati iwe. Anaona tsamba lina m'mphepete mokhota, anatenga mpeni n'kuwongola mulu wonse. Kumati wathandiza. Masana asanakwane anali pa basi. Iwe boola, m'bale wanga. Kuganiza siyira a Don."

Ndaboola.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Paella, mpunga wa kuno uja, kwa apongozi. A Quico analipo, galimoto yatsopano aiimika pakhomo penipeni kuti aliyense aipunthwe.

"Alamu, ndamva mwakwezedwa. Tsopano ndinu kachilombo."

Onse kuseka, ngakhale apongozi. Kenako anandikokera pakhonde, nkhope yasintha. Akuti bwana wa ku Germany akufuna mayina pofika Lachisanu pa 21, malo ndi amodzi, pali wina akuwafuna. Ndinati zanga ndidziwa pa 28. Anati, "Ameneyo sadikira za mabuku a masisitere. Ine ndikukuganizira iwe ndi mlongo wanga, osati ine."

Sakunama. Manja anga matailosi amawadziwa, tinagwira limodzi zaka zinayi kampani ija isanagwe. Koma ndinayang'ana m'nyumba, Aina ali pamiyendo pa agogo ake akuyamwa chibakera, ndinangoti ndiyankha.

Chifuwa cha Aina chikadalipo. Usana wonse ndimangoika khutu pamsana pake. Neus akuti ndimutopetsa mwana.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Dzanja lazolowera. Mulu wa bulu ndadutsa theka. D.G. anaima kumbuyo kwanga, anatenga tsamba limodzi, anayang'ana mabowo apansi aja n'kuti "Hm." A Remei osoka mabuku akuti kwa iwowo "Hm" ndiye kuombera m'manja.

Ndagula malalanje ndi kankhuku kowotcha. Ndikhala muno ine.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Sindikudziwa poyambira.

Cha m'mawa D.G. anatuluka mu ofesi ndi tsamba lina longosindikizidwa, kufuna kuona ngati utoto wofiira wakhala bwino. Anapita pabolodi la pafupi ndi zenera, pamene pamawala dzuwa. Anatenga pini, thyo ngodya iyi. Pini ina, thyo ngodya iyo. Anabwerera m'mbuyo, kuyang'ana, kenako anazula mapini n'kupita nalo.

Ine kachitsulo kali m'manja.

Ndinatenga chitsanzo cha bulu n'kupita nacho pabolodi ngati ndikufuna kuwala. Pini inalowa m'bowo lapamwamba ngati kwawo. Ndinatsegula kabati, kutulutsa zitsanzo za tsamba la kutsogolo ndi la kumbuyo kwake. Mabowo apansi aja alipo onse, chifukwa njenjete ikalowa imapitirira masamba angapo. Apamwamba awiriwo palibe. Ali pa tsamba la bulu lokha. A Batiste ankadziwa m'mutu mwawo kuti amenewo ndi a mapini, sankawaboola. Ine ndawakopera bwinobwino, mpaka kuwapaka bulauni kuti aoneke a zaka mazana asanu.

Tonet anaona nkhope yanga. Nditamuonetsa anaimba kamluzu, n'kunong'ona: "Khala chete. Maliza mulu wonse chimodzimodzi. Ndani adzanyamule kope lake kupita nalo ku laibulale kukafananiza ngodya?"

Ndinakhala pansi kuganiza. Ndikasiya kuboola, theka likhala ndi mabowo theka lopanda, a Remei posoka aona tsiku lomwelo. Ndikapitiriza, a Batiste akadzabwera ndi diso latsopano adzaona, ndipo pamenepo ndidzakhala nditawononga mulu wonse ndikudziwa. Mbali zonse ndagwidwa. Bola pamene theka likadali lamoyo.

Ndinagogoda ku ofesi, chitsanzo m'dzanja ili, pini m'dzanja ili.

Sanakalipe msanga. Anayang'ana, anavula magalasi, kenako mawu anatuluka mpaka makina kuseri anazimitsa. Pepala limeneli limachokera ku Italy, kuitanitsa lina ndi miyezi iwiri. Golide wapita. Ogula analonjezedwa mwezi wa Meyi. "Ulibe maso? Njenjete ya kuti imaboola ngati telala?"

Ndinati, "Munati osafunsa, Don Gaspar." Mawu anangotuluka okha. Ndimati andimenya.

A Remei ali pa tebulo lawo, singano m'manja, osadzutsa mutu: "Gaspar, mapiniwo anadzibaya okha pa chitsanzo?" Iwo okha ndi amene amawatchula dzina lokhalokha, anayamba limodzi ntchito kalekale.

Khosi la D.G. lofiira. Kenako a Remei anati mabowo ang'ono chonchi amatsekeka, anachitapo kale pokonza mabuku akale a ku nyumba ya ansembe, koma iwo alibe nthawi, manja ali pa ulusi.

Mapeto ake ndi awa. Pa 28 masamba a bulu akuyenera kupita kosoka. Tsiku limenelo D.G. adzaima pazenera n'kuunika lililonse padzuwa. Limene adzaone pamene panali bowo, lotayika. M'sitolo muli katoni ya masamba apadera, ochepa. Otayika akadzaposa a m'katonimo, makope saakwana, ndipo ine ndisadzafunse za ntchito. Masana ndizipitiriza mabowo a masamba ena. Kutseka ndi nthawi yanga.

Neus ndamuuza zonse. Wangoti, "Ndiye utseka." Mbale anatsuka mwaphokoso.

Lachinayi, 13 Febuluwale

A Remei andiphunzitsa nthawi ya nkhomaliro. Choyamba kupala bulauni uja m'mphepete mwa bowo ndi kampeni, pang'onopang'ono. Kenako kutenga zidutswa za pepala lomwelo, kuzipala mpaka zisanduke ngati thonje. Kusakaniza ndi kaphala ka ufa wa tirigu, kochepa zedi. Kuika m'bowo ndi nsonga ya singano, kupsinja ndi kafupa kosalala, kutsendereza ndi chitsulo mpaka kuume.

Iwo anachita limodzi, ndinalisowa pamene linali. Ine ndinachita limodzi, likuoneka ngati njerewere.

"Usapume ngati ng'ombe, mwanawe, ukuuluza thonje."

M'nyumba yoletsa kukonza, ine ndiye ndakhala wokonza. Tonet akuti, "Njenjete yalapa, ikubweza zomwe inadya."

Loweruka, 15 Febuluwale

A Remei anandibwereka kiyi. Ndekhandekha tsiku lonse, wailesi yokha. Ndinatseka mulu ndithu, pa tebulo akuoneka bwino, ndinayamba kudzitama. Nditapita nawo pazenera, kalanga. Timadontho tiwiri takuda pa lililonse, ngati maso a nkhanu. Pamene ndatseka ndi pokhuthala kuposa pepala, dzuwa silidutsa.

Ndinakhala pa mpando wa a Batiste kuyang'ana Yosefe. Nayenso nkhope yake ndi ya munthu amene sanagone.

Onsewo ndiyambiranso.

Lolemba, 17 Febuluwale

Ndapeza njira, ndikuganiza. Ndimadzaza bowo kamodzi, ndiye vuto. Mizere ya matailosi ukaithira zambiri kamodzi imatupa. Lero ndaika thonje lochepa kuchokera kumbuyo kwa tsamba, kusiya liume, kenako kakang'ono kutsogolo, n'kupala ndi kampeni mpaka chala chisamve kanthu ndikatsinzina. Pazenera, kamthunzi chabe. A Remei anaunika, anati, "Eya. Koma ukuchedwa."

Ndikudziwa kuti ndikuchedwa.

Masamba saloledwa kutuluka pakhomo, koma zidutswa zotaya palibe amaletsa. Ndabwera nazo thumba. Neus wapala thonje pa tebulo la kukhitchini Aina ali mtulo, wadzaza kabotolo kamene munali zakudya za mwana. Wandiuza kuti ndisamuthokoze, akungofuna zidutswazo zichoke m'nyumba mwake.

Lachitatu, 19 Febuluwale

M'mawa kuchipatala ndi Aina. Adokotala akuti chifuwa chili bwino, ndi chimfine, sikelo yakwera. Ndinawafunsa kawiri. Neus anandiponda phazi.

Vuto lina. Pepala lathu pamwamba linasindikizidwa mtundu wachikasu pang'ono kuti lifanane ndi chikopa, koma thonje ndi loyera. Ukayandikira, kadontho koyera mbee. Ine za mitundu sindidziwa, kwa ine chikasu ndi chikasu.

Tonet anabwera akutafuna, anayang'ana, anapukusa mutu. "Ukanandimvera bwenzi pano ukudya nafe pa bala." Anachoka. Patapita kanthawi anabwera ndi kambale ka utoto wosakaniza ndi kaburashi ka tsitsi ngati zitatu. "Kukhudza kamodzi. Kamodzi, wamva? Ukabwereza ndikudula dzanja. Ndipo Lachisanu khofi wanga ugula ndiwe."

Kukhudza kamodzi, kadontho kasowa. Munthu ameneyu pakamwa pokha ndiye poipa.

Maso akuwawa. Ndikatseka ndikuona bulu.

Lachisanu, 21 Febuluwale

A Quico anaimba ndili ndi singano m'manja. Ndinatuluka panja.

"Alamu, ndilembe dzina kapena ayi? Bwana ali pa foni inayi."

Ndinapempha sabata imodzi. Anati palibe sabata. Anati, "Neus wandiuza za mabowo ako. Mkuluyo akutaya iwe, aliyense akuona. Ukufuna pa 1 Malichi udzakhale pakhomo wopanda kuno wopanda uko, ndi khanda?"

Ndinaima pamenepo, njinga zamoto zikudutsa. Ndikati lembani, mawa lomwe manja afooka, ndikudzidziwa. Munthu sungatseke timabowo totere mtima uli pa basi ya ku Germany. Ndiponso ndikalembetsa kenako n'kukana, ndawachititsa manyazi a Quico kwa bwana wawo.

Ndinati, "Mupatseni winayo."

"Wapenga iwe."

"Mwina. Zikomo alamu, ndithu."

Anadula.

Kunyumba Neus anali atamva kale. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, "Ukanandifunsa." Ndinati unali kudziwa maganizo anga. Anati, "Kudziwa ndi kufunsidwa ndi zosiyana, Nelo. Mwanayu ndi wa tonse, mantha ndi a tonse." Akunena zoona. Ndinamusambitsa Aina, anandinyowetsa malaya onse, amaseka.

Tsopano palibe kwina. Masamba aja atsekeke basi.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Kwa apongozi sitinapite. Ine kuntchito. Pobwera ndapeza kabotolo kena kodzaza thonje pafupi ndi makiyi anga. Sitinakambe.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Awiri ndang'amba pangodya popala, kampeni kanaterereka. Amenewo afa, palibe zokambirana. Ndawaika pambali ndekha.

Oyambirira aja a Loweruka loyamba ndi amene akundidetsa nkhawa. Ndinawatsegula n'kutsekanso, koma bowo linakula. Ena ali bwino, ena kaya.

D.G. akudutsa ngati tebulo langa palibe. Bolodi lija mapini achotsapo, aikapo timaginito.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Lomaliza ndatseka dzuwa lisanalowe. Onse ali pansi pa chitsulo, aume. A Remei akuti ndipite kwathu ndikamete ndevu, ndikuoneka ngati wothawa kundende.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Kunacha kopanda mtambo. Ndinkapempha mitambo, koma ayi, dzuwa lake ngati la Juni, chilimwe cha kuno.

D.G. anaima pazenera, malaya apinda. Mulu wanga kumanja, katoni ya apadera pansi. Anandiuza kuti ndiziwapatsira limodzilimodzi. Akaunika n'kukhutira, pa tebulo la a Remei. Akaona kadontho, pampando, ndipo ine ndizitulutsa lina m'katoni kulowa m'malo mwake. Tonet ankanamizira kupukuta burashi yomweyomweyo.

Awiri ong'ambika ndinapereka poyamba. Pampando. Kenako anayamba kudutsa, kudutsa, kudutsa. Ena ankawatembenuza, kusisita ndi chala, n'kuwaponya kwa a Remei. Titafika pa oyambirira aja zinayamba. Pampando. Pampando. Kudutsa. Pampando. Dzanja langa likulowa m'katoni, likumva kuti pansi payandikira.

Kenako ndinapisa, n'kukhudza katoni yokhayokha. Apadera atha. M'manja mwanga mwatsala masamba owerengeka osaunika.

Anadutsa. Lina linadutsa. Linanso. La kumapeto kwenikweni ndinalizindikira ndisanapereke, lija ndinalitsegula katatu. Analikweza padzuwa. Ngakhale ine pamene ndinaima ndimakaona, kamthunzi ngodya ya kumanzere, pamwamba pa mutu wa Yosefe. Analigwira nthawi yaitali. Ine ndikuganiza za a Quico, za mawu amene ndikamuuze Neus pakhomo.

Sanaliike pampando, sanaliikenso kwa a Remei. Anati, "Ili silipita kwa wogula." Anakhosomola. "Remei, ulisokere m'kope langa la mu ofesi. Mapiniwo anali anga." N'kulowa mu ofesi, chitseko gwa.

Za ine sananene chilichonse. Ndinangoima. Ndatsala kapena ndapita? Tonet anakweza mapewa. A Remei anadzuka, analowa mu ofesimo osagogoda. Timamva mawu koma osamveka. Ine ndinayamba kusonkhanitsa tizitsulo, kutipukuta, kuti ngati n'kupita ndisiye pa a Batiste pali bwino.

A Remei anatuluka, anabwera molunjika kwa ine, dzanja atatambasula.

"Vula epuloni."

Ndinamasula zingwe, ndinaipinda bwinobwino n'kuwapatsa. Ndinati zikomo pa zonse, mayi.

"Zikomo wa chiyani? Ukupita kuti?" Anakhala pansi, anaiyala pamwendo, anatenga ulusi wofiira. Apa m'pamene ndinayang'ana ya Tonet, ndi yawo, ndi ya a Batiste pa msomali. Onse okhazikika muno dzina lili pachifuwa, losoka pamanja. Yanga miyezi itatu yonseyi inali yopanda kanthu.

"Ndilembe Nelo kapena Manel? Fulumira, ndili ndi bulu wosoka."

Ndinati Nelo, Manel ndi la pa mapepala basi. Mawu anatuluka ngati a mwana.

Tonet anati khofi wa Lachisanu lapita sanamwebe, ndiye lero ndi awiri, othira mowa wa ramu. Ndinati dikira. Ndinatuluka panja ndi malaya okha, kuzizira osakumva. Foni inaitana kamodzi kokha, Neus anali atayigwira kale m'manja. Kumbuyo Aina akukuwa.

"Nena," anatero.